Soketi ya Mphika wa Achimwene

Soketi inapsa Lachinayi masana, ndipo pofika Loweruka m'mawa aliyense m'nyumba mwathu anali atagwirizana kale kuti wolakwa ndine. Palibe anandikhazika pansi. Ndinkangoona kuti ndikalowa m'khitchini anthu akusiya kulankhula. Alamu, mkazi wa achimwene, anayamba kuzula ketulo pakhoma ndikangodutsa pafupi, ngati magetsi ndimayenda nawo m'thumba.

Soketiyo ndinaika ndine, sindikukana. Achimwene anagula chimphika chamagetsi chofululira mowa, cha malita makumi atatu, chokhala ndi maelementi awiri otenthetsa pansi, iliyonse ndi swichi yake. Anachiika m'kachipinda kochapira kuseri kwa nyumba, pamodzi ndi matumba a chimera cha barele ndi mabotolo osawerengeka. Soketi yakale ya m'menemo inali yogwedera, yosweka pakona, ndiye anabwera kwa ine. Pakhomo pano ayironi ikafa, fani ikaima, amaitana ine. Sukulu ya zimenezi sindinapite. Ndimagulitsa m'sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo zomwe ndikudziwa ndinazitola pa foni, pa makatoni a katundu, komanso pofunsa amisiri odzagula mawaya mpaka kuwatopetsa.

Tsiku lomwelo ndinawauza achimwene kuti mphika wotere ukufuna chingwe chakechake chochokera ku bokosi la magetsi, waya wonenepa, ndi buleka yakeyake yodula magetsi akachuluka. Soketi wamba singasenze maelementi awiri. Iwo anati zimenezo tidzachita mwezi wamawa, panopa ndingowaikira soketi yatsopano ndi pulagi, aziyatsa elementi imodzi yokha. Analumbira mpaka kugwira pamtima. Ndinaika soketi, ndinaika pulagi ndi fyuzi ya 13 m'kati mwake, ndipo swichi yachiwiri ndinaimata ndi tepi yofiira, tizidutswa tiwiri topingasana, kuti dzanja lisaiwale.

Patatha masabata atatu alamu anamva fungo la pulasitiki, anathamanga n'kuzimitsa magetsi a nyumba yonse. Khoma linali bii kuyambira pa soketi mpaka pa shelefu. Ine ndinali kuntchito. Nditafika ndinapeza bambo atakhoma kale kachipindako ndi loko, kiyi ali m'thumba la malaya awo.

"Kuopa kuti wina angakakonze umboni," anatero, akuyang'ana ine.

Kenako anaitana mmisiri wamagetsi. Mwa amisiri onse a m'tauni muno anasankha yemwe uja amene ndinamunyengerera miyezi inayi pa kauntala, amene sabata yomweyo anali atandiuza kuti Lolemba ndipite ndi zida zanga akandiyese ntchito. Mwayi wokhawo womwe ndinali nawo wochoka kuseri kwa kauntala.

"Bambo, amisiri ali mbwee. Bwanji mwaitana amenewa?" ndinawafunsa Loweruka m'mawa, ali pa tebulo ndi tiyi.

"Si amene umawatama tsiku lililonse? Abwere aone ntchito ya wophunzira wawo."

"Mukufuna andikane."

"Ndikufuna nyumba yanga isapse. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukonza makina a pafakitale, sindinatenthepo ngakhale mpando. Iwe masabata atatu okha."

Achimwene anaseka m'kapu. "Usapse mtima, Kamoto. Kwapsa kale soketi, kwakwana."

Kamoto ndi dzina lomwe anandipatsa ndili mwana, ndipo amalitchula akafuna kuti ndiyake. Ndinaluma lilime.

Mmisiri anafika cha m'ma teni pa njinga yamoto, chikwama chili kumsana. Ndi munthu wamfupi, wadazi, wosakonda mawu. Anapereka moni kwa bambo ndi manja awiri, kwa achimwene, kwa alamu, ndipo ine anangondigwedezera mutu ngati sanandionepo. Mtima unandiuza kuti zatha. Anzanga akusitolo anali atandichenjeza kale kuti amisiri akuluakulu amangovomera pakamwa, m'kati akufuna pothawira, makamaka wopemphayo akakhala mkazi. Pothawira pake ndiye panali pakhoma, pali bii.

Bambo anatsegula loko. Anayife tinapanikizana m'kachipindako, pakati pa sinki ndi chimphika chija, alamu n'kuima pakhomo. M'katimo munali mukadali fungo la pulasitiki losakanikirana ndi la chimera chowawasa, poti mowa unatsala mumphika osatsanulidwa. Pulagi inali itasungunuka n'kumatirira pa soketi, zonse ziwiri zili chinthu chimodzi.

Mmisiri anapita ku bokosi, anagwetsa buleka, anabwerera, anayesa ndi tesita kawiri. Anamasula masikuruu n'kukokera soketi kunja pang'onopang'ono, mawaya akutsatira pambuyo. Anakoka waya uliwonse payekha ndi zala. Palibe unasuntha.

"Anamanga ndani?"

"Ine," ndinatero.

"Mm."

Basi. Mm ameneyo sindinadziwe kuti ndimuike mbali iti.

"Ine ndikuganiza kuti soketiyo ndi yachinyengo," achimwene anayamba. "Kusitolo kwawoko mumadziwa. Pamwamba amaika zenizeni, pansi pa kauntala zina. Mwina mwanayu anati, ndi wapachibale, ndimupatse yotsala."

"Ine ndinanena," alamu anathirira ndemanga ali pakhomo. "Ndinati za magetsi si zoonera pa foni ngati kuluka tsitsi."

"Alamu, ayironi yanu anakukonzerani ndani? Nthawi imeneyo foni inali yabwino?"

"Kamoto," anatero bambo.

Mmisiri anatembenuza soketi ija n'kuilozetsa kuwindo. "Soketi ndi yabwino. Kumbuyo kuno mawaya ndi oyera. Moto wayambira kutsogolo, polowa mano a pulagi." Anayang'ana achimwene. "Mumayatsa maswichi angati?"

"Imodzi. Onani tepi, ikadali pomwepo."

Tonse tinayang'ana. Tepi inalipo ndithu. Koma ine ndinamata mopingasa, ndipo apa tizidutswa tiwiri tija tinali titagona moyandikana ngati njanji. Ndinagwada n'kukweza nsonga yake ndi chikhadabo. Inanyamuka popanda kulimbana, ndipo kumbali yomata kunali fumbi la chimera lokhalokha, loonetsa kuti yamatulidwa n'kumatidwanso kambirimbiri.

"Achimwene, tepi iyi yaphunzira liti kuyenda yokha?"

"Ndidziwa bwanji? Mwina mayi awa popukuta."

"Ine?" Alamu analowa m'kati ngakhale munalibe malo. "Ine chimphika chanuchi ndimachikhudza? Si inu munandiuza kuti ndikachiyandikira ndi nsanza yanga ndilowetsa tizilombo mu mowa? Musandipake ine matope. Nenani zomwe munkanena, kuti elementi imodzi ikuchedwetsa kuwira ngati mukudikira mvula."

Achimwene anakanda m'khosi. "Kamodzi kapena kawiri. Pongofuna kuti ziyambe kubwata."

Ndinaimirira mtima uli m'malo koyamba chiyambire Lachinayi. Ndinatembenukira kwa bambo kuti amve okha. Koma mmisiri anapukusa mutu.

"Ngakhale atayatsa zonse ziwiri tsiku lonse, khoma silikanapsa. Fyuzi ikanaduka kaye, mphika n'kuzima. Ntchito yake ndi imeneyo." Anandiyang'ana m'maso koyamba. "Chemwali, mu pulagi munaika fyuzi yanji?"

"Ya 13."

"Mukutsimikiza kuti munaikamo?"

"Ndinaitenga ndekha pa shelefu, yatsopano."

"Tiona."

Mawu amenewo anandilowa ngati singano. Ndinayamba kudzikayikira ndekha. Ndinakumbukira kapaketi ka fyuzi, ndinakumbukira ndikukang'amba ndi mano. Nanga kuikamo? Ndinaikamo. Koma anthu anayi akakuyang'ana ngati wakuba, umayamba kufufuza m'matumba mwako.

Mmisiri analowetsa sikurudiraiva pakati pa pulagi ndi soketi n'kutembenuza. Pulasitiki inalira thee, pulagi inagawanika pakati. Anagogoda theka lake pa sinki, ndipo kanthu kena kanagwera m'menemo n'kugubuduka mpaka pa kabowo kotulukira madzi. Anakatola ndi zala ziwiri.

Sinali fyuzi. Chinali chidutswa cha msomali, chakuda ndi utsi.

"Nachi chatentha khoma lanu," anatero. "Msomali suduka. Magetsi angachuluke bwanji, iwo umangoti dutsani. Buleka ya kubokosi ndi ya 20, mphika ukukoka pang'ono kuchepera pamenepo, ndiye nayonso inangoonerera. Chinatsala kuti chigonje ndi pulasitiki."

Woyamba kupeza mawu anali achimwene.

"Ndiye fyuzi yako ya 13 ija imeneyi, Kamoto? Yatsopano, ya pa shelefu?"

"Mukupenga? Ine ndingaike msomali mu pulagi?"

"Pulagi anatsegula ndani kupatula iwe? Ine sindidziwa n'komwe kuti muli fyuzi."

"Ine zanga zinali kununkhiza basi," anatero alamu.

Mmisiri anatenga dzanja langa, anaika kachitsuloko pachikhatho n'kupinda zala zanga. "Yang'anani bwino, chemwali. Ndi ntchito yanu kapena ayi?"

Sindinadziwe ngati akundithandiza kapena akunditchera msampha. Ndinapita pawindo, ndinakapukuta pa siketi, utsi unachoka. Ine ndikadula msomali ndimadula ndi pulayala, ndipo nsonga imatsala yofinyika, yakuthwa. Achimwene akakhoma msomali umodzi, bandeji imakhala pa chala sabata yathunthu. Koma kachidutswa aka kanadulidwa ndi sowo, mowongoka, kutalika kwake kofanana ndendende ndi fyuzi. Mbali zonse ziwiri zinapalidwa ndi tupa mpaka kusalala, ndipo m'mphepete mwake munali mosongoledwa pang'ono mozungulira kuti musacheke chala. Munthu amene anachita izi sanali wothamanga, ndiponso sanali wophunzirira pa foni. Pakhomo pathu vayisi yopanira zitsulo ndi tupa zili pa benchi imodzi yokha, ku garaja, ndipo mwini wake sasiya chitsulo chili ndi mano ngakhale chitakhala chokolekera makatani.

Ndinatembenuka. Bambo ankayang'ana mabotolo a pa shelefu ngati akuwawerenga.

"Achimwene," ndinatero, "tsiku lina munachokapo mphika uli pamoto?"

"Ayi. Mwina kamodzi, ndikukagula ayisi woziziritsira. Koma ndinasiya..." Anaima. Maso awo anapita pa chikhatho changa, kenako kwa bambo, kenako pansi. Anandiyandikira n'kunong'ona. "Siya, Kamoto. Pali mlendo. Tikambirana tokha."

Khoswe anali atakhala pa mkhate. Ndinadziwa zomwe mwana wolongosoka amachita pamenepa: amaika msomali m'thumba, amati mwina ndinaiwala, mlendo n'kuchoka, banja n'kutsala ndi ulemu wake. Ndipo Lolemba ine n'kubwerera kuseri kwa kauntala, mmisiri akuuza anzake za mtsikana woika misomali mu pulagi. Ndinayesa njira ina kaye.

"Bambo, muli ndi mawu pa msomali uwu?"

"Ndamva zomwe anena amisiri."

"Basi?"

"Ukufuna ndinene chiyani? Amisiri akonze, nkhani ithe."

Ndinadikira. Ndinawerenga mpaka khumi mumtima, monga ankandiuzira mayi akadali moyo. Sizinathandize.

"Msomali uwu mwadula ndinu, bambo. Mwaupala ndinu. Palibe wina pano amene amasongola m'mphepete chonchi."

"Ambuye," alamu anatero motsitsa, n'kutuluka chambuyo.

Nkhope ya bambo inauma. Anayang'ana mmisiri, osati ine. "Mwamuona mwana amene mukufuna kumulemba ntchito? Pakamwa pake ndi pamenepo."

"Munaika kapena simunaike?"

"Ndinaika." Anakweza mawu pang'ono. "Mkulu wako anandisiyira mphika, unazima pakati pa kuwira, fyuzi itaduka. Ndikanatani? Ndisiye chimera chonse chija chionongeke, sitolo ili kutali? Kufakitale fyuzi ikaduka makina sankaima kudikira wa sitolo. Tinkadula chitsulo, kuika, ntchito n'kupitirira. Zaka makumi atatu, palibe chinapsa."

"Mawaya a kufakitale ndi onenepa ngati chala changa, achikulire," mmisiri anatero mofatsa. "Ndipo ndikukhulupirira kuti m'mawa mwake wina ankabwera n'kuchotsa chitsulocho. Apa chakhala masiku angati?"

Achimwene ndiwo anati, "Ayisi ndinagula masabata awiri apitawo."

"Masiku awiri mwandisenzetsa mlandu," ndinatero. "Mwandikhomera chitseko ngati mbava. Mwaitana amisiri awa kuti andione ndikuchita manyazi."

"Sindinadziwe kuti ndi msomaliwo. Ndikanadziwa ndikanakhoma chitseko n'kuusiya m'kati? Ndinkaganiza kuti sunamange bwino mawaya."

"Chabwino, simunadziwe. Koma utagwera mu sinki muja munadziwa. Achimwene akundiloza chala munali pomwepa, pakamwa muli tsekee."

Pamenepo bambo anandiyang'ana. Anatulutsa kiyi wa loko uja m'thumba, anamuika pa chivundikiro cha mphika, n'kutuluka. Tinamva chitseko cha kuchipinda kwawo chikutsekedwa, osati momenyetsa.

"Wakondwa?" anatero achimwene.

"Inu musandiyambe. Mukanasiya tepi ija, fyuzi sikanaduka."

Anatola chidebe n'kutuluka nacho, ngakhale panalibe choti akatunge.

Tinatsala awiri ndi mmisiri. Iye ankasonkhanitsa tizidutswa ta pulasitiki n'kumatiponya m'thumba. Ndinkayembekeza kuti anena kuti pepani chemwali, ntchito yanu inali yabwino. Ndinali nditakonzeka kale kuyankha modzichepetsa.

"Munkadziwa kuti mphika uwu ndi waukulu kuposa soketi?" anafunsa.

"Ndinawauza tsiku loyamba. Ndinati ukufuna chingwe chakechake."

"Munawauza. Kenako munaika."

"Analumbira kuti aziyatsa imodzi."

"Tepi si buleka, chemwali. Munthu akagula chinthu cha maswichi awiri, adzayatsa awiri, ngakhale alumbire pa manda a agogo ake. Mukanafuna kuti isayake, mukanatsegula pansi n'kuchotsa waya wa elementi yachiwiriyo. Kapena mukanakana ntchito yonse."

"Ndiye mlandu ukadali wanga? Wina wamatula tepi, wina wadula msomali, koma wolakwa ndi amene anachenjeza?"

"Nonse atatu. Koma awiriwo sakufuna kukhala amisiri a magetsi. Amene akufuna ndinu." Anamanga thumba lija. "Ndipo m'nyumba za anthu mudzapeza misomali yambiri, mudzapeza mapepala a ndudu, mudzapeza makiyi. Mwini nyumba aliyense amakana. Mukamadzawakalipira ngati mwachitira apa, tidzathamangitsidwa tonse, njinga yanga n'kutsala m'kati mwa geti."

"Ndikanangokhala chete, inu mukanaganiza kuti ndine."

"Ndinaona kuti msomaliwo wapalidwa ndi tupa ndisanakupatseni. Ndinkafuna ndione ngati inunso muona."

Kaya ankanena zoona, kaya anazipeka pomwepo kuti aoneke wanzeru, mpaka lero sindikudziwa. Nkhope yake inali ngati khoma. Ndinatopa ndi kuyerekeza, ndinangomufunsa.

"Lolemba ndibwere kapena ndisabwere?"

"Manja anu sindikuwakayika. Pakamwapo ndi pomwe sindinatsimikize. Ndikuyesani sabata imodzi." Anatulutsa tepi yoyezera n'kundiponyera. "Koma kuyamba ndi lero. Tikoka chingwe chatsopano kuchokera ku bokosi, waya wonenepa wa 4, buleka yakeyake, ndipo pakhoma apa sipakhalanso soketi ya mano atatu, tiika swichi yaikulu ngati ya chitofu, mphika ulumikizidwe m'menemo. Yezani mundiuze mamita."

Zonsezi ndi zomwe ndinanena masabata atatu apitawo, koma sindinamukumbutse. Ndinaganizanso kuti mwina wangopeza manja aulere a Loweruka, Lachisanu likudzali adzandiuze za pakamwa panga. Ndinatenga tepiyo.

Ndinayambira pa bokosi la magetsi pakhonde, ndinadutsa pamwamba pa chitseko cha khitchini, alamu akutsuka kapu imodzi yomweyo osatembenuka. Mamita asanu ndi limodzi. Kuchokera pamenepo njira yachidule yopita kuchipinda chochapira inali imodzi yokha, yotsata khoma la m'chipinda cha bambo. Kuzungulira panja kukanawonjezera mamita asanu ndi anayi, komanso mapaipi otchinga mvula. Ndinabwerera kukamuuza mmisiri.

"Ndiye mukudikira chiyani? Kagogodeni."

Ndinaima pa chitsekocho nthawi yaitali, tepi ili m'manja. Kupepesa sindinkafuna, poti sindinaname. Ndinagogoda kawiri.

"Ndani?"

"Ndine, bambo. Chingwe chidutsa m'chipinda mwanu. Ndikufuna kuyeza."

Kenako ndinamva bedi likulira, masilipasi akukwekwereza pansi, ndipo chitseko chinatseguka. Sanandiyang'ane. Anapita pakona, anakankha wadiropu yekha kuichotsa kukhoma, n'kuima pambali manja ali kumbuyo.

Ndinakoka tepi kuchokera pachitseko, ikupindika pakati chifukwa kunalibe wogwira mbali inayo. Inagwa kawiri. Kachitatu bambo anatambasula dzanja, anagwira nsonga yake n'kuikanikiza pakona.

"Atatu ndi theka," ndinatero.

"Atatu ndi masentimita sikisite," anatero. "Werenga bwino. Ndipo musandikandire penti."